Fizikisi ya m'manja mwa namwino: kupopa magazi mtima ukaima

Sabata yatha tikuphunzira za pressure mu Fomu 3, mtsikana wina anakweza dzanja. "Sir, ine ndikufuna unamwino. Ndiye za force ndi area zindithandiza chani?" Anzake anaseka, koma funso lake ndi lanzeru, ndipo yankho lake limapezeka pa nthawi imene mtima wa munthu waima.

Mtima ndi pampu. Ukaima, magazi sayenda, ndipo ubongo umasowa oxygen. Pakangotha mphindi 4 mpaka 6, maselo a ubongo amayamba kuwonongeka. Tsono taganizani: kuchoka pa Dedza boma kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80. Ambulansi ithamange bwanji pa M1, mphindizo zitha isanafike pa Linthipe. Choncho namwino amene ali pomwepo, kaya pa chipatala cha boma ku Dedza, kaya ku Mua, kaya pa health centre ya kumudzi, manja ake ndiwo ayenera kugwira ntchito ya mtima. Njirayi imatchedwa CPR.

Mtima uli pakati pa fupa la pachifuwa ndi msana. Mukakanikiza fupalo, mtima umafinyika ndipo pressure ya m'chifuwa imakwera. Mavavu a mtima amalola magazi kupita mbali imodzi yokha, ngati mmene mjigo umatulutsira madzi osawabwezera pansi. Mukasiya, chifuwa chimabwerera m'malo, pressure imatsika, magazi ena amalowa. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu akatopa amatsamira pachifuwa osachilola kubwerera, ndiye pampu sidzaza. Mukupopa mjigo wopanda madzi basi.

Manambala ake ndi awa: kwa munthu wamkulu chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi. Mukakanikiza ka 30, mumamupatsa mpweya kawiri. Kuti fupa lilowe chonchi pamafunika mphamvu yaikulu, nthawi zina yoyandikira kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ndi mikono yokha simungathe. N'chifukwa chake namwino amawongola zigongono, mapewa ali pamwamba penipeni pa manja, kuti kulemera kwa thupi lake kumuthandize. Ndipo sagwiritsa ntchito chikhatho chonse, koma tsinde lake lokha. Area ikachepa, force yomweyo imagwera pa fupa lomwe likufunikalo, osamwazikira ku nthiti. Mwaiona P = F/A ija?

Palinso nkhani ya matiresi. Wodwala akagona pofewa, gawo la mphamvu yanu limathera kufinya siponji. Ndiye amamuika pansi kapena kumulowetsera thabwa kumsana.

Nanga mpweya wotuluka m'kamwa mwathu si wogwiritsidwa kale ntchito? Mpweya womwe timakoka uli ndi oxygen 21 peresenti, womwe timatulutsa uli ndi pafupifupi 16. Wotsalawo ndi wokwanira kuthandiza. Kuchipatala amagwiritsa ntchito kachikwama kofinya komwe amakatcha Ambu bag.

Chomwe chimandisangalatsa ine ngati mphunzitsi wa fizikisi n'chakuti awiri mwa anthu atatu amene anafalitsa njira yokanikiza chifuwayi mu 1960, ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, sanali madokotala. Mmodzi mwa iwo, William Kouwenhoven, anali injiniya wa zamagetsi, ndipo ankafufuza za makina omenya mtima ndi magetsi. Makina amenewa, defibrillator, sadzutsa mtima womwe wangoti zii ngati mmene amaonetsera m'mafilimu. Amathandiza pamene magetsi a mumtima asokonekera, mtima n'kumangonjenjemera osapopa. Shoko imazimitsa chisokonezocho kuti mtima uyambirenso kugunda mwadongosolo.

Ngakhale CPR itachitika bwino kwambiri, imangoyendetsa pafupifupi kota ya magazi amene mtima umapopa wokha. Mukachepetsa kuya kapena kupumira pakati, kotayo imacheperanso. Anthu opopa amasinthana pa mphindi 2 zilizonse chifukwa kutopa kumabwera munthu asanazindikire. Vuto lina n'lakuti luso limeneli limazilala pakangopita miyezi ngati munthu sakuliyeserera. Namwino akhoza kukhoza bwino mayeso ku KUHeS kapena ku Nkhoma, n'kulembetsedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, koma manja amaiwala msanga kuposa mutu. Ine ndimaona kuti chidole choyesererapo n'chofunika pa chipatala chilichonse monga mmene labotale ilili yofunika pa sukulu.

Kwa makanda ongobadwa kumene zinthu zimasiyana. Vuto lawo kawirikawiri ndi kupuma, osati mtima. Pulogalamu ya Helping Babies Breathe, yomwe inayamba mu 2010 ndipo azamba athu amaphunzitsidwa, imati khanda likhale litayamba kupuma kapena kupatsidwa mpweya mphindi yoyamba isanathe.

Chenjezo: musakayesere pa mnzanu wamoyo ku hostel, mungamuthyole nthiti. Lachisanu tidzabweretsa sikelo ya pansi ku labu, aliyense adzaikanikize kwa mphindi 2, tidzalembe makilogalamu ake poyamba ndi pomaliza.