Kugawa Mawu a Zilankhulo za Bantu pa Kompyuta

Wilhelm Bleek, amene ankayang'anira mabuku a Sir George Grey mumzinda wa Cape Town, anatulutsa gawo loyamba la buku lake loyerekeza zilankhulo za kumwera kwa Africa m'chaka cha 1862, ndipo gawo lachiwiri, lokamba za mayina, linatuluka mu 1869. Iye ankasanja mawu ndi manja, limodzi limodzi. Masiku ano ntchito yotere imagwiridwa ndi kompyuta, komabe funso lakale lidakalipo: kodi liwu limayambira pati, nanga limathera pati?

Njira yake ndi yapafupi. M'chilankhulo cha kompyuta cha Python, lamulo la open() limatsekula fayilo ya zolemba, pulogalamu nkumawerenga mzere ndi mzere, kenaka lamulo la split() limadula mzere uliwonse pamene pali mpata ndi kuika zidutswazo pa mndandanda. Fayiloyo iyenera kutsekulidwa ngati UTF-8, kuopa kuti chilembo chonga ŵ chingasokonekere.

Vuto limagona pa mpatawo. Chixhosa, chimene chimalankhulidwa kwambiri ku Cape Town, chimalemba mneni pamodzi ndi aphatikiri ake: ndiyakuthanda. Chichewanso chimatero: ndimakukonda. Koma Chipedi chimalekanitsa: ke a go rata. Motero ganizo limodzi lomwelo limapereka chidutswa chimodzi m'Chixhosa ndi m'Chichewa, pamene m'Chipedi limapereka zinayi. Wofufuza amene angayerekeze kutalika kwa mindandanda iyi adzakhala akuyeza malamulo a kalembedwe, osati zilankhulozo. Nkhaniyi inakambidwa kale ndi C. M. Doke mu 1929 ndiponso Malcolm Guthrie mu 1948.

Chizindikiro cha apositirofe nacho chili ndi msampha wake. Mu liwu lakuti m'nyumba chimasonyeza mphatikiri wa malo, mu-, amene wafupikitsidwa, ndipo kudula pamenepo kungathandize. Mu liwu lakuti ng'ombe chili mbali ya kalembedwe ka mvekero umodzi. Pulogalamu yodula paliponse pamene pali chizindikirochi idzatulutsa ng ndi ombe, zidutswa zopanda tanthauzo.

Choncho wofufuza ayenera kukhazikitsa malamulo a kagawidwe asanalembe pulogalamu: ng' asadulidwe, m' ayesedwe payekha, ndipo poyerekeza zilankhulo awerenge aphatikiri ndi masinde m'malo mwa mawu olembedwa. Malamulowo afotokozedwe pamodzi ndi zotsatira, kuti anzake athe kubwereza kafukufukuyo ndi kupeza manambala omwewo.