Chithunzi cha manotsi sichilankhula



Lero ndiyamba ndi kudziulula. Semesita yathayi, mayeso atayandikira, ndinajambula manotsi anga ndi foni n'kuponya pa gulupu ya kalasi yathu pa WhatsApp. Anthu anathokoza, ena mpaka kundichitira dua. M'mawa mwake mnzathu wina yemwe saona anandifunsa akuseka, "Achimwene, dzulo mwatumiza chiyani? Foni yangatu ikungonena kuti chithunzi, chithunzi." Manyazi anandigwira. Zaka ziwiri tili m'kalasi imodzi, koma sindinamufunsepo kuti amawerenga bwanji.

Tsiku limenelo mphunzitsi anali iyeyo. Anandionetsa TalkBack, pulogalamu ya m'mafoni a Android imene imawerenga mokweza zolembedwa pa sikirini. Pa iPhone imatchedwa VoiceOver, ndipo pa kompyuta pali NVDA, yomwe ndi yaulere. Zonsezi zimawerenga mawu otayipidwa. Zolemba pamanja zojambulidwa ngati zanga zija, mnzangayo amangodutsa osadziwa zomwe zili m'menemo. Anandigwiritsanso pepala la Braille. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa timadontho 6 totukuka, ndipo munthu amawerenga ndi nsonga za zala. Anayambitsa ndi Louis Braille wa ku France, yemwe anasiya kuona ali mwana, ndipo njirayi anaisindikiza mu 1829. Lero ngakhale Qur'an ilipo mu Braille.

Kuno kwathu thandizo lilipo. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu kuli koleji ya Montfort, yophunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva. Sukulu ya Chilanga ku Kasungu ndi ya Lulwe ku Nsanje ndi za ana osaona, pamene Maryview ku Nguludi komweko, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba ndi za ana osamva. Mabungwe a Malawi Union of the Blind ndi MANAD amayankhulira anzathuwa. Mukadziwa banja limene likusunga mwana pakhomo poganiza kuti sangaphunzire, liuzeni mayina amenewa.

Koma zipangizo ndi sukulu sizingagwire ntchito imene ili yathu. Taganizani za gulupu yomwe ija. Wina akafuna kulengeza kuti kalasi yasintha nthawi, amatumiza voice note. Mlongo wosamva wamva chiyani pamenepo? Zithunzi zikutsekera kunja wosaona, mavoice note akutsekera kunja wosamva, ife n'kumati tikuthandizana.

Zinandikumbutsanso ku madrasa. Tinkaphunzira ndi khutu: ustadh awerenge, ife tibwereze mokweza mpaka zilowe. Mwana wosaona akhoza kuloweza bwino m'njira imeneyi. Nanga wosamva? Sindikukumbukira kuti m'kalasi mwathu munali ngakhale mmodzi, ndipo sikuti m'mudzi mwathu munalibe. Ankatsala kunyumba, ife osafunsa.

Tonse tinaloweza Surah Abasa, ya nambala 80, koma ambiri timaiwala chimene inatsikira. Abdullah ibn Umm Maktum, Swahaba wosaona, anabwera kwa Mtumiki, swallallahu alaihi wasallam, kudzapempha kuti amuphunzitse. Mtumiki anali wotanganidwa ndi akuluakulu a Chikuraishi, ndiye anakwinya nkhope n'kumutembenukira kumbali. Allah anamudzudzula pa zimenezi, ndipo ma ayah amenewo tikuwerengabe m'Swala mpaka lero. Onetsetsani apa: munthuyu sanabwere kudzapempha chakudya kapena ndalama. Anabwera kudzafuna maphunziro. Pambuyo pake anakhala muadhini pamodzi ndi Bilal, ndipo kangapo Mtumiki akatuluka pa ulendo ankamusiyira kutsogolera Swala ku Madina. Ngati wolemekezeka kuposa tonse anakumbutsidwa, ine ndi inu ndife ndani?

Ndiye tiyambire apa, Insha Allah:

1. Manotsi tizitumiza otayipa. Tikaika chithunzi kapena posita, tilembe m'munsi zomwe zili pamenepo.
2. Voice note iliyonse ya chidziwitso izitsagana ndi mawu olemba.
3. Polankhula ndi wosamva, timuyang'ane nkhope, pamalo powala, osatseka pakamwa. Kukuwa sikuthandiza.
4. Wosaona tikamupeza, tizitchula dzina lathu popereka salamu, ndipo tikamachoka tizimuuza.
5. Mwa ife papezeke ophunzira chinenero cha manja, kuti tsiku lina khutba ndi darsi zidzafike kwa onse.
6. Tisanathandize, tifunse. Mwini wake ndiye akudziwa chimene akusowa.

Manotsi aja ndinawatayipa usiku womwewo. Zinanditengera maola awiri okha, ndipo mnzangayo anandipezeramo zolakwika zitatu zimene ena tonse sitinazione.

Allah atikhululukire pa anthu amene tinawadutsa osazindikira, ndipo atipatse maphunziro aphindu tonse, osasiyapo wina. Ameen.

Kodi ku madrasa kapena kumzikiti kwanu aliko wosaona kapena wosamva? Amaphunzira bwanji? Mukamufunse Lachisanu likubwerali.