PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUSAMALA AGOGO AMENE AYAMBA KUIWALAIWALA

Amayi anzanga, ndiyambe ndi zomwe ndinaona ndili pa ntchito ya unamwino. Tsiku lina m'mamawa anatibweretsera agogo ena aakazi atavulala pamutu. Anthu anawapeza usiku pakhonde la eni, ndipo atawafunsa kumene akuchokera analephera kuyankha. Pompo anthu anati, "Mfiti yagwa," n'kuyamba kuwagenda. Mdzukulu wawo atafika anatiuza kuti kwa zaka 2 agogowo akhala akuiwala njira ya kwawo, ndipo usikuwo anatuluka kukataya madzi n'kusochera. Agogo aja sanali mfiti, anali odwala.

Matendawa ndi otani?

Kuchipatala timawatchula kuti dementia. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, ndipo munthu amayamba kuiwala za lero pamene za kale akuzikumbuka bwino. Amabwerezabwereza funso, amasochera pamalo powadziwa, mapeto ake amaiwala ngakhale ana ake. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umabwera magazi akamalephera kufika bwino ku ubongo, makamaka kwa odwala BP, shuga kapena amene anachita sitiroko. Bungwe la WHO linati mu 2021 padziko lonse panali anthu 57 miliyoni odwala matendawa.

Si ukalamba wamba, pakuti okalamba ambiri amafika kumapeto mutu uli bwinobwino. Si ufitinso, ndipo kuno ku Malawi lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mankhwala ochiziratu palibe, koma mmene timakhalira ndi wodwalayo zimachepetsa kwambiri mavuto ake.

Chenjezo limodzi: ngati agogo anali bwino dzana koma lero asokonekera, musati ndi matenda omwe aja. Akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wotsika. Thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Tiyankhule nawo bwanji?

1. Afikireni chakumaso, osati kumbuyo. Gwadani kapena khalani pamphasa kuti muonane nawo, ndipo dzitchuleni: "Agogo, ndine mpongozi wanu, ndabwera ndi phala." Musawayese mayeso kuti, "Mukundidziwa ine?" Funso limeneli limangowachititsa manyazi.

2. Nenani chinthu chimodzi, n'kudikira. M'malo mofunsa kuti, "Mudya chiyani?" aonetseni mbatata ndi nthochi kuti aloze.

3. Musatsutsane nawo. Apa ndi pamene ambiri timalephera. Agogo a zaka 80 akati akufuna kupita kwa mayi awo, inu n'kunena kuti, "Mayi anuwo anamwalira kalekale," kwa iwo uthenga wa malirowo akuumva koyamba. Adzalira, ndipo mawa adzafunsanso. Mverani chimene chili kuseri kwa mawuwo: ali ndi mantha, akusowa wowakhazika mtima pansi. Agwireni dzanja n'kunena kuti, "Mwawasowa amayi eti? Tandiuzani, ankakonda kuphika ndiwo zanji?" Akayamba kusimba, nkhani ya ulendo imazirala yokha.

4. Akakunenani kuti mwawabera, musapse mtima. Aiwala pomwe anabisa ndalama yawo, ndiye kwa iwo yabedwa basi. Ingonenani kuti, "Pepani agogo, tiyeni tifunire limodzi." Dziwani malo omwe amakonda kubisa zinthu, monga kunsi kwa mphasa kapena pamfundo ya chitenje.

5. Akakana kusamba, musawakoke. Munthu wamkulu kuvulidwa ndi mwana amene sakumuzindikira, ndani angalole? Fundetsani madzi, afunditseni chitenje posamba, auzeni chilichonse musanachichite. Akakanabe, asiyeni, mukayesenso dzuwa likatentha.

6. Ukali uli ndi chifukwa chake. Wodwala amene sangathe kunena kuti dzino likuwawa, kapena kuti ali ndi ludzu, kapena akufuna kuchimbudzi, amakalipa kapena kumenya. Fufuzani chawavuta. Ambiri amavutika kwambiri dzuwa likamalowa, choncho yatsani nyale msanga ndipo ana achepetse phokoso.

7. Musawalande ntchito zonse. Atha kusenda mtedza, kutongola chimanga kapena kusankha nyemba. Nyimbo zomwe ankaimba ali atsikana zimatsalira ngakhale mayina ataiwalika, ndiye imbani nawo. Koma pamoto ndi pachitsime asatsale okha.

8. Musawamange ndi chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse. Dziwitsani anansi ndi a mfumu za matendawa, ndipo sokererani pachovala chawo kansalu kolembapo dzina ndi mudzi wawo. Agogo aja akanakhala kuti mudzi unauzidwa, bwenzi atangoperekezedwa kwawo.

Wosamalayo nayenso ndi munthu

Kawirikawiri mtolo wonse umagwera mayi mmodzi kapena mdzukulu wamkazi, amene mwina wasiya sukulu. Sagona, sapita kumunda, ndipo tsiku lina amakalipa kenako n'kumadziimba mlandu. Tikapita kukazonda tisamuweruze. Mutu umodzi susenza denga. Tigawane masiku: wina akakhale ndi agogo kwa maola 3 kuti mnzathuyo akagone kapena apite kumsika, wina akatunge madzi, wina akachape. Tikalowa m'nyumba tiwapatse moni agogowo poyamba, ndipo tisamakambe za iwo ngati palibepo. Angaiwale dzina lanu mukangotuluka, koma mtendere umene mwawasiyira umakhala nawo mpaka madzulo.

Zochita pa gulu

Khalani awiriawiri. Wina akhale agogo amene akuumirira kuti sanadye chikhalirecho angomaliza kumene nsima, wina akhale wowasamala. Yesani koyamba motsutsana nawo, kachiwiri motsata mfundo 3. Kenako sinthanani.

Mafunso okambirana

1. Mmene munali agogo, munamva bwanji potsutsidwa?
2. M'dera lathu muli okalamba angati amene asintha chonchi, nanga anthu akuwanena zotani?
3. Ndani mwa ife akayambe kupumuza wosamala sabata ino, ndipo tsiku liti?