Phunziro: Banga la Pakhungu Liyambe Layesedwa

Akhristu okondedwa a ku Sangilo ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, tiphunzire lero za mawanga amene amasintha maonekedwe a khungu.

1. Ambiri akaona banga amathamangira kukagula mankhwala opaka otchedwa steroid, monga hydrocortisone, betamethasone ndi clobetasol. Ntchito yake ndiyo kuchepetsa kutupa ndi kuyabwa. Tizilombo sapha ayi. Alipo matenda ena osowa amene amadetsa khungu ndi timadontho toderako, ndipo pa amenewo dokotala angathe kulamula steroid kwa masabata owerengeka. Koma munthu akadzipaka yekha miyezi yambiri, khungu limapyapyala, ndipo ngati banga linali chipere, chimafalikira mobisika.

2. Choopsa choposa ndi khate. Kawirikawiri limayamba ngati banga loyererako, losayabwa, losapweteka. Steroid salichiritsa. Pamene munthu ataya miyezi akupaka, tizilombo ta khate tikuwononga mitsempha: zala zimachita dzanzi, moto umamuwotcha iye osamva, zilonda zimabuka. Mtsempha ukafa subwereranso.

3. Ife a m'boma la Karonga nthendayi tiidziwa. Mu 1979 bungwe la LEPRA linayamba kafukufuku wake ku Chilumba, pafupi ndi Sangilo, nayendera anthu khomo ndi khomo, kuwayesa khungu. Kumeneko kunapezeka kuti katemera wa BCG amateteza anthu ambiri ku khate. Pofika 1994 odwala khate m'Malawi anachepa, osafika mmodzi mwa anthu 10,000. Komabe nthenda siinatheretu.

4. Kuyesa kwake nkosavuta. Wodwala atsinzine, ndipo wachipatala amkhudze ndi thonje pabangapo. Ngati samva, ndicho chizindikiro chachikulu. Mankhwala a khate ndi akumwa, amaperekedwa kwaulere, miyezi 6 kapena 12, ndipo amachiritsa ndithu. Woyamba kumwa sapatsiranso anzake.

5. M'buku la Levitiko, mutu 13, wansembe ankayang'anitsitsa banga, ndipo pokayika ankadikira masiku 7 asanagamule. Lero woyang'anayo ndi wachipatala, koma lamulo la kuyamba kuona tisanachite likadalipo.

Inu akatekisi, pocheza m'mabanja ndi m'miphakati, mukaona banga lokhalitsa pa mwana kapena pa wamkulu, musamseke, musamsale, ndiponso musamuuze mankhwala. Mperekezeni kuchipatala msanga. Dzanja lopulumuka lero lidzagwira khasu ndi nkhafi mawa, lidzagwiranso korona. Imeneyi ndi ntchito ya chifundo imene Ambuye Yezu adzatifunsa.