Batire lasiya kusunga moto? Liyeseni kaye musanaligulitse

Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri kuposa amene inkayatsa. M'Misisi muno mu Lusaka, ometa ndi otchajitsa mafoni pa kantemba anathamangira timabatire takuda ta 12V, tija tolembedwa 7Ah. Lero ambiri mwa mabatirewo angoti mbwee pansi pa bedi: ukatchaja usiku wonse, limayatsa babu mphindi khumi n'kuzima. Ena angadzuke ndithu, koma dziwiranitu kuti lodzukalo silibwerera mwakale. Likakupatsani theka la mphamvu yake yoyamba, mwapindula.

Yambani ndi maso. Ngati latupa m'mbali, lang'aluka kapena likudontha, lisiyeni. Kenako bwerekani mita yoyezera moto, multimeter, kwa okonza mafoni. Batire la 12V lili ndi zipinda 6, chilichonse cha pafupifupi 2.1V, ndiye lodzadza bwino limaonetsa 12.6V kapena kupitirirako pang'ono. Litchajeni tsiku lonse, lipume maola angapo, muyeze. Likaima cha pa 10.5V, chipinda chimodzi chinafa, ndipo chimenecho chilibe mankhwala.

Amene amachira ndi odwala matenda awiri. Oyamba ndi kuuma mkati chifukwa chotchajidwa mopitirira muyezo. Achiwiri ndi amene nthawi ya mdima ija inatisiyira: batire likamakamidwa tsiku ndi tsiku osadzadzanso, mtovu wa mkati mwake umayanga zoyera zolimba, zotchedwa lead sulphate, zimene zimatsekereza moto.

Ntchitoyi gwirirani pabwalo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya, chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka. Valani magalasi ndi magolovesi, ndipo pambali pakhale kapu ya madzi osungunuliramo soda wophikira, woti muthire pamene asidi wadonthera. Werenganinso zolembedwa pabatirelo. Lolembedwa GEL musalitsegule.

Pamwamba pali kachivindikiro kopyapyala komata ndi guluu. Kakanganuleni pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva yaphwatalala, muona tizipewa 6 ta labala. Tichotseni, tisungeni m'mbale kuti ana asatole. Unikani ndi tochi m'mabowomo. Mukaona zonga thonje loyera louma, batirelo lili ndi ludzu.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Madzi ofunika ndi a batire okha, olembedwa distilled water, amene amagulitsidwa pomwetsera mafuta galimoto ndi m'mashopu a zipangizo za galimoto. A pachitsime kapena a pampopi ayi. Lusaka inakhala pa miyala ya laimu, yomwe ija anthu akhala akuphwanya kuno, ndipo zoyera zimene zimamata mu ketulo yanu zikamatanso m'batiremo. Onetsetsaninso kuti wogulitsa sanakupatseni botolo la asidi. Chimene chinauluka ndi madzi, asidi akadali momwemo, ndiye kuwonjezera wina n'kungodya mtovu. Za mchere wa Epsom zimene mumaona pa Facebook, ine sindizikhulupirira: mita ingakwere lero, koma mwaika m'batire chinthu chosayenera kukhalamo.

Tengani sirinji yopanda singano, muthire mamililita awiri kapena atatu m'bowo lililonse. Dikirani amwerere, muunikenso. Thonje lija lingonyowa basi, madzi asachite kudikha pamwamba. Lisiyeni ligone usiku umodzi.

M'mawa litchajeni mofatsa. Moto wolowa ukhale gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala ya Ah, kutanthauza 0.7A pa batire la 7Ah, ndipo mita isapitirire 14.4V. Tchaja yaikulu ya galimoto ingangoliphika. Matchaja ena amakono amakana batire lofooka kwambiri. Zikatero lilumikizeni ndi batire labwino la 12V, pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, kwa theka la ola muli pomwepo, kenako mulibwezere ku tchaja. Muziligwira ndi dzanja nthawi ndi nthawi. Kufunda pang'ono si nkhani, koma likatentha kapena kununkha ngati dzira lovunda, zulani pompo.

Mita yokha imanama, choncho liyeseni ndi katundu. Babu la buleki ya galimoto la 21W ndi lokwanira. Batire latsopano la 7Ah limaliyatsa pafupifupi maola atatu. Yang'anani wotchi, ndipo mita ikatsika kufika pa 11V zimitsani, mutchajenso nthawi yomweyo. Bwerezani katatu. Nthawi ikamawonjezeka ulendo uliwonse, zoyera zija zikusungunuka. Pukutani pamwamba, bwezerani tizipewa, matani chivindikiro osatseka timipata totulukira mpweya, ndipo kuyambira pamenepo liziima chilili, osaligoneka.

Likakanika, musaliphwanye kuti muchotse mtovu. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana akumeneko akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Kuno mvula ikagwa madzi amasefukira m'makomo n'kulowa m'zitsime zosazama, ndipo zimene mwakhuthulira kuseri kwa nyumba zimatsata njira yomweyo. Kaperekeni lathunthu, ndi asidi wake yemwe, kwa ogula mabatire akale, ndipo mufunse mtengo kwa awiri kapena atatu chifukwa amagula potengera kulemera kwake.