PHUNZIRO: Za Kubwezera Wocira Mbale Yace

Werengani 1 Mafumu 19:1-8 ndi Marko 5:35-43.

Tizolowera kupempherera odwala malungo ndi cifuwa, koma iripo nthenda yina imene ambiri a ife sitiidziwa dzina lace. Nkhokwe iri yodzala, nsima iri pamphasa, koma munthu aopa kudya monga tiopera moto. Adziyesa wonenepa, cinkana nthiti zace zioneka. Dotolo wa ku London, Sir William Gull, anaipatsa dzina lakuti anorexia nervosa m'caka ca 1873. Iriponso inzace, bulimia nervosa, imene Gerald Russell anailongosola mu 1979: wodwalayo adya zambiri nthawi imodzi osakhoza kuleka, nadzisanzitsa mobisa ndi manyazi. Nthendazi zigwira anamwali kawirikawiri, komanso anyamata ndi akulu omwe. Si ufiti, si kunyada ai. Ndi nthenda yakupha, koma ambiri acira. Tipenye tsono umo tingathangatire wocirayo kufikira atadziimira yekha.

1. Cakudya citsogole.

M'zaka za 1944 ndi 1945, ku Minnesota m'dziko la America, amuna 36 athanzi, okana kugwira mfuti pankhondo, anadzipereka kwa Ancel Keys kuti ayese pa iwo mphamvu ya njala. Miyezi 6 anadya ngati theka la cakudya cao, nataya limodzi la magawo anai a kulemera kwao. Analeka kuseka ndi kuceza, nakwiya msanga, nalingalira za cakudya usana ndi usiku. Atayambanso kudya, inapita miyezi yambiri mitima yao isanakhazikike. Apa tiphunzira kuti njala isanduliza maganizo, ndipo kutsutsana ndi munthu wa thupi lanjala kupindula pang'ono.

Eliya atagona pansi pa mtengo m'cipululu, wofuna kufa, mngelo sanayambe ndi kumdzudzula, koma anamdzutsa nampatsa mkate ndi madzi. Ambuye Yesunso, ataukitsa mwana wa Yairo, analamula kuti ampatse kanthu kakudya. Koma cenjerani: kudyetsa kwambiri mwadzidzidzi munthu wofokeratu kukhoza kuononga mtima wace. Cifukwa cace ciyambi cikhale m'manja a dotolo.

2. Poyamba ena amsenzera katundu.

Ku cipatala ca Maudsley ku London anakonza njira yociritsira ana ndi anamwali pakhomo pao, ndipo iri ndi magawo atatu. M'gawo loyamba makolo ndiwo asankha cakudya, napakula, nakhala pambali pa mwana kufikira watha. Adye katatu pa tsiku, ndi kanthu kena pakati, monga nthoci, mtedza kapena thobwa, osalola kuti apite maora oposa 4 usana wosadya. Ife tikonda kupisa manja m'mbale imodzi, ndipo mwambowo ngwabwino. Koma m'mbale ya onse palibe wodziwa mbamu zimene wodwala wadya. Masiku amenewo akhale ndi mbale yaceyace, koma adye pamodzi ndi anzace.

3. Pambuyo pace katunduyo abwezedwa pang'onopang'ono.

Apa ndipo ambiri alakwa. Ena, poona masaya adzala, amtaya tsiku limodzi, nati, Wacira. Ena, cifukwa ca mantha, agwiritsa cipande zaka ndi zaka, ndipo namwali wamkulu akhala ngati khanda. Mai wanzeru pophunzitsa mwana kuyenda amgwira manja onse awiri, kenaka cala cimodzi, kenaka aima patsogolo pace namuitana. Momwemo gawo laciwiri ndilo kubwezera wocira ulamuliro wa cakudya cace, ndi lacitatu ndilo kumbwezera moyo wace wonse.

Ayambe kudzipakulira yekha cakudya cimodzi pa tsiku, wina alikupenya. Akakhoza, aphike pamodzi ndi amace, nathire mafuta ndi nsinjiro monga athirira onse, osapungula. Apite kumsika ndi mnzace, atalemberatu zogula. Tsiku lina apite yekha ndi ndalama m'manja. Adye kwa mbale wace, kenaka pa ukwati pamaso pa khamu. Zobvala za masiku a kuonda azipereke kwa ena, pakuti zimuitana kuti abwerere. Kusukulu kapena kunchito ayambe ndi theka la tsiku. Akaterereka, musazizwe, musamcititse manyazi. Mubwerere naye phazi limodzi, muuze dotolo, muyambenso. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Kumbukirani kuti mngelo anadza kwa Eliya kawiri, pakuti ulendo unali wautali, koma sanamnyamule. Mneneriyo anayenda ndi mapazi ace masiku 40 kufikira ku Horebu.

4. Gawo la Mpingo.

Mwa cikondi timalonjera mnzathu ndi mau akuti, Mwanenepatu! Kwa wocira uyu mau amenewa alasa ngati mubvi, ndipo akhoza kumletsa nsima ya madzulo. Nenani cabe, Takondwera kukuonani. Ndiponso Mpingo ukapangana masiku a kusala cakudya, akulu a Mpingo amuuze momveka kuti iye asasale. Kwa iye kumvera Mulungu ndiko kudya, ngakhale ndi misozi. Mumpatsenso kanchito, kaya kuyimba kaya kuphunzitsa ana, kuti adziwikenso ndi dzina lace, si ndi nthenda yace.

Ndipo iwe wocira, usapepule tsiku limene wamaliza mbale yako uli wekha, popanda wokupenya. Atate wako wa Kumwamba waliona. Ukaona mantha alikubwera, usabise. Kuitana mbale sikucepsa ufulu wako.

Mafunso:

1. Mngelo anamcitira ciani Eliya asanayambe ulendo?
2. Ndi zolakwa ziwiri ziti zimene a pabanja acita pobwezera wocira ufulu wace?
3. Kodi pa mudzi wanu alipo wodya mobisika kapena wothawa mphasa, ndipo mudzamfikira ndi mau otani?