Phunziro: Kuloweza Sikudziwa

Tiwerenge: Luka 10:25-37

Amayi anzanga, wachilamulo uja atafunsa kuti mnansi wake ndani, Ambuye Yesu sanampatse yankho loti aloweze. Anamuphera fanizo la Msamariya, kenaka anamubwezera funso kuti yankho alipeze yekha.

Mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana nadzaza m'makalasi, ndipo kuloweza kunachuluka. Mu 2007 boma linayambitsa kaphunzitsidwe katsopano, koti mwana azifunsa, azikambirana ndi anzake, ndiponso aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse, osangodikira mayeso a Sitandade 8. Pajatu mwana amaphunzira motsata mayesedwe. Mayeso akamangofuna zoloweza, iye amaloweza lero, mawa waiwala.

Ifenso kuno ku Chia tichitepo kanthu. Mwana akati 6 kuchulukitsa ndi 4 ndi 24, muyalireni milu 6 ya nsomba zinayizinayi kuti atsimikize yekha. Akatchula vesi la ku Sande sukulu, afotokozenso tanthauzo lake. Akalakwa musamukalipire, koma mufunseni m'mene anaganizira.

Tikambirane:
1. Kodi ana athu timawalola kutifunsa mafunso?
2. Nanga pamisonkhano yathu amalankhula ndi mtsogoleri yekha?